Musanadule disiki poika Linux: zoyenera kuona, miyeso yake ndi pamene anthu amapunthwa

Pa ntchito yonse yoika Linux, sikirini yoopsa ndi ija imafunsa kuti disiki muchita nayo chiyani. Chinenero, nthawi, dzina ndi pasiwedi mukalakwitsa mumakonza pambuyo. Koma mukangodina batani lovomereza magawo atsopano, pulogalamu yoikira imalemba pa disiki nthawi yomweyo, ndipo gawo lomwe lafomatidwa silibwerera. Ngozi zambiri za pamenepa zimabwera chifukwa chodula disiki musanaone zomwe zilipo kale ndi mmene kompyutayo imadzukira. Kudula kwenikweni n'kwa mphindi zochepa, nthawi yambiri iyenera kuthera pa kuyang'ana.

Disiki payokha ndi mzere wautali wa timalo tofanana totchedwa masekita, ndipo pa madisiki ambiri kompyuta imaona sekita iliyonse ngati mabaiti 512. Gawo, lomwe ena amati patishoni, ndi mawu chabe olembedwa pa tebulo kumayambiriro kwa disiki, onena kuti kuyambira sekita yakuti mpaka yakuti ndi dera limodzi. Mukafufuta gawo mumachotsa mzere wa pa tebulopo, mafayilo akadali pomwe anali. Kufomata ndiye kumalemba dongosolo latsopano la mafayilo pamwamba pa lakale. Kusiyana kumeneku musakuiwale, kudzakuthandizani tsiku lomwe zinthu zidzalakwike.

Matebulo alipo a mitundu iwiri. Lakale ndi MBR, lomwe linabwera mu 1983. Lonse limakhala mu sekita yoyamba: mabaiti 446 ndi a kapulogalamu kodzutsa kompyuta, 64 ndi a tebulo, awiri otsala ndi chizindikiro. Gawo lililonse limatenga mabaiti 16, n'chifukwa chake MBR imangolola magawo anayi akuluakulu. Kuti apitirire anayi, anthu ankasandutsa limodzi kukhala extended n'kuika ena m'kati mwake, ndipo mu Linux magawo a m'katiwa amayambira pa nambala 5 ngakhale akunja atakhala awiri okha. MBR siitha kulongosola malo opitirira 2 TiB pa disiki ya masekita a mabaiti 512. GPT ndi tebulo latsopano lomwe limayendera limodzi ndi UEFI, mtundu watsopano wa firmware, pulogalamu ya m'kompyuta momwemo yomwe imayamba kugwira ntchito mukangoiyatsa. Limalola magawo 128 popanda chinyengo cha extended, limasunga kope lachiwiri kumapeto kwa disiki, ndipo lili ndi njira yodziwira ngati lawonongeka. Pa disiki yopanda kanthu, sankhani GPT. Pa disiki yomwe muli kale Windows yomwe mukufuna kuisunga, tebulo musalisinthe: batani lopanga tebulo latsopano limachotsa magawo onse kamodzi.

Kompyuta imadzuka bwanji?

Funso ili liyankhidwe musanakhudze china chilichonse. Mukadzutsa kompyuta ndi fulashi ya Linux, sankhani kuyesa kaye osaika, tsegulani terminal, mulembe:

`ls /sys/firmware/efi`

Mukaona mafoda, mwadzukira mu UEFI. Ikakuuzani kuti foda imeneyo palibe, mwadzukira mu BIOS yakale, yomwe firmware zina zimaitcha Legacy kapena CSM. Msampha uli apa: fulashi imodzi yomweyo imatha kuoneka kawiri pa mndandanda wa zodzutsira, kamodzi ndi dzina lake lokha, kachiwiri ndi mawu a UEFI kutsogolo. Mzere umene mwasankha ndi umene umalamula mmene Linux iikidwire. Windows ikakhala ya UEFI inu n'kuika Linux mu Legacy, zonse ziwiri zimalowa bwinobwino pa disiki koma GRUB, pulogalamu yodzutsa yomwe imabwera ndi Linux, siitha kudzutsa Windows, ndipo mumakhalira kulowa mu firmware kusintha njira nthawi iliyonse. Windows 11 imafuna UEFI ndi GPT, choncho kompyuta yomwe inabwera nayo muyenera kuidzutsa ndi mzere wa UEFI. Pa Windows 10 tsegulani msinfo32 muone mzere wa BIOS Mode.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale odziwa. Kompyuta ya BIOS yakale imatha kugwiritsa ntchito disiki ya GPT, koma GRUB imafuna kagawo ka 1 MiB kotchedwa BIOS boot, kopanda dongosolo la mafayilo, kosalumikizidwa pa foda iliyonse. Mu gdisk mtundu wake ndi EF02, mu GParted mumaika chizindikiro cha bios_grub. Kakasowa, ntchito imayenda mpaka kumapeto kenako n'kulephera poika GRUB.

Ngati pa disiki pali Windows

Choyamba koperani mafayilo anu onse ofunika pa disiki ina, kenako tsegulani angapo pa disiki inayo mutsimikize kuti akutseguka. Gawo lina la disiki yomweyo si malo osungirako zinthu pa ntchito ngati iyi.

Chachiwiri ndi BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amabwera disiki ili yokhoma kale mwiniwake osadziwa. Mukasintha magawo kapena zodzutsira, Windows imatha kukufunsani kiyi ya manambala 48 isanatseguke. Ipezeni kiyi imeneyi ndi kuilemba papepala musanayambe. Kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, kapena muione ndi lamulo la `manage-bde -protectors -get C:` mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator. Mapulogalamu ena oikira Linux amakana kupitirira mpaka BitLocker itazimitsidwa, ndipo kuzimitsako kumatenga nthawi chifukwa disiki yonse imamasulidwa.

Chachitatu ndi Fast Startup. Ikakhala yoyatsidwa, Windows siizima kwenikweni, imangogona n'kusiya gawo lake la NTFS lili ngati likugwirabe ntchito. Linux ikaona zimenezi imakana kulembamo kapena kulichepetsa, ndipo ikukana mwanzeru. Lamulo la `powercfg /h off` limazimitsa kugonaku limodzi ndi Fast Startup, komanso limachotsa fayilo yaikulu ya hiberfil.sys.

Gawo la C: ndi bwino kulichepetsa kuchokera mu Windows momwemo. Tsegulani diskmgmt.msc, dinani C: ndi batani lakumanja, musankhe Shrink Volume. Bokosilo limafuna nambala ya ma MB, ndipo kwa ilo 1 GB ndi 1024 MB, choncho kuti mupeze 200 GB mulemba 204800. Kawirikawiri Windows imakana kuchepetsa kupitirira malo ena ngakhale disiki ili yosadzaza. Chifukwa chake ndi mafayilo osasunthika omwe akhala chakumapeto kwa gawolo: pagefile, hiberfil.sys ndi zosungidwa za System Restore. Zimitsani zimenezi kwakanthawi, dzutsaninso kompyuta, muyesenso. Malo omwe mwapeza muwasiye opanda kanthu. Musapangemo gawo latsopano mu Windows, makamaka ikakufunsani ngati isandutse disiki kukhala dynamic, kanani, chifukwa mapulogalamu oikira Linux sagwira bwino ntchito ndi disiki yoteroyo.

Nthawi zina pulogalamu yoikira siiona disiki n'komwe, imangoona fulashi. Apo disiki sinafe. Firmware yaika disiki pa njira ya RAID, Intel RST kapena VMD m'malo mwa AHCI. Kusintha kupita ku AHCI kumathetsa vutoli, koma Windows yomwe inaikidwa pa RST imalephera kudzuka mukangosintha mwachisawawa. Njira yake ndi kuiuza kaye kuti idzuke mu Safe Mode, kusintha mu firmware, kuilola idzuke kamodzi mu Safe Mode kuti itenge dalaivala woyenera, kenako n'kuibwezera mwakale.

Dziwani disiki ndi dzina lake

Safunsa anadya phula, ndipo disiki imafunsidwa ndi lamulo ili:

`lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE,LABEL,MODEL`

Madisiki a SATA ndi a USB amatchedwa sda, sdb, sdc, magawo awo sda1, sda2. A NVMe ndi nvme0n1, magawo awo nvme0n1p1, nvme0n1p2. Makadi a SD ndi eMMC ndi mmcblk0. Zilembozi sizokhazikika. Pa kompyuta ya NVMe, sda nthawi zambiri ndi fulashi yomwe mwadzutsira, ndipo disiki yomwe lero ndi sdb mawa ikhoza kukhala sda. Musazindikire disiki ndi chilembo, izindikireni ndi kukula kwake ndi dzina la modelo. Madisiki onse akunja omwe sakufunika pa ntchitoyi azuleni.

Kukula nakonso kumasokoneza. Opanga amawerenga 1 GB ngati mabaiti 1,000,000,000, pamene zida zambiri za Linux zimawerenga ndi 1024. Disiki ya 256 GB imaoneka 238 GiB, ya 500 GB imaoneka 465 GiB, ya 1 TB imaoneka 931 GiB. Palibe chabedwa, ndi kawerengedwe chabe.

Musanasinthe kanthu, sungani tebulo la magawo:

`sudo sfdisk -d /dev/nvme0n1 > tebulo.txt`

Ndi kafayilo ka mizere yochepa, konena pomwe gawo lililonse likuyambira ndi kutalika kwake. Kakopereni pa fulashi ina, chifukwa zosungidwa mu Linux yoyesera zimachoka kompyuta ikazima. Ngati disiki ndi yakale, ioneninso ndi `sudo smartctl -a /dev/sda`. Masekita omwe asinthidwa kapena omwe akudikira kusinthidwa akakhala ambiri, disikiyo si yoidalira, ndipo kusuntha magawo kumaigwiritsa ntchito yolemera yomwe ikhoza kuimaliziratu.

Magawo ofunika ndi miyeso yake

Malangizo akale ankati /usr, /var, /tmp, /opt ndi /home aliyense akhale ndi gawo lake. Pa seva yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri zimenezi zili ndi chifukwa, koma pa kompyuta ya munthu mmodzi ndimaziona ngati kudzimanga nokha. Mpanda uliwonse womwe mwamanga ndi malo amene tsiku lina mbali imodzi idzadzaza ina ili mbee. Magawo akhale ochepa, ndipo lililonse likhale ndi chifukwa chomwe mungachitchule.

Pa UEFI gawo loyamba ndi ESP, la FAT32, mtundu wake EF00, lomwe Linux zambiri zimalilumikiza pa /boot/efi. Mmenemu ndi momwe firmware imapeza mapulogalamu odzutsa. Pa disiki yopanda kanthu lipatseni pakati pa 512 MiB ndi 1 GiB. Pa disiki ya Windows lilipo kale, nthawi zambiri la 100 MB kapena 260 MB. Ligwiritseni ntchito lomwelo, mulilumikize pa /boot/efi, ndipo bokosi la kufomata musalichonge. Muli foda ya EFI/Microsoft, ndipo ikafufutika Windows imasowa pa mndandanda ngakhale C: ili yonse, mpaka mutaikonza ndi fulashi ya Windows ndi lamulo la bcdboot. GRUB imangotenga ma MB ochepa, choncho 100 MB imakwana. Siikwana ngati Linux yanu imasunga makernel (kernel ndiye mtima wa Linux) mu ESP momwemo, monga zimakhalira kawirikawiri ndi pulogalamu ina yodzutsa yotchedwa systemd-boot.

Gawo la mizu, lolembedwa ndi chizindikiro cha / chokha, ndi momwe mumakhala Linux yeniyeniyo. Ubuntu ya pa desktop imati ikufuna 25 GB, koma umenewo ndi muyeso woti ilowe, osati woti mukhalemo zaka. Ngati /home, foda ya mafayilo anu, ili padera, perekani 60 mpaka 80 GB. Zomwe zimadzaza mizu sizioneka tsiku loyamba: mapulogalamu a Flatpak amapita ku /var/lib/flatpak, a Snap ku /var/lib/snapd, Docker ku /var/lib/docker, makina oyerekeza a libvirt ku /var/lib/libvirt/images. Wogwiritsa ntchito Docker kapena makina oyerekeza ayambire pa 100 GB. Mizu ikadzaza, zizindikiro zake n'zosokoneza: mumalemba pasiwedi yolondola, sikirini imathima pang'ono n'kukubwezerani pomwe munali. Dinani Ctrl, Alt ndi F3, mulowe, mulembe `df -h`, ndipo muona 100% pa mzere wa mizu. `sudo journalctl --vacuum-size=200M` ndi `sudo apt clean` zimakupezerani popumira.

Nkhani ya /home ndi imene anthu amatsutsana kwambiri. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: mukafuna kuikanso Linux kapena kusintha mtundu, mumafomata mizu yokha, mafayilo anu osakhudzidwa. Kuipa kwake ndi kwakuti muyenera kulosera lero mmene malo adzagawikire zaka zikubwerazi. Pa disiki ya 128 GB kapena yocheperapo, ine ndinganene kuti musagawe, zonse zikhale pa mizu. Kuyambira 250 GB kupita m'mwamba, /home yapadera imapindulitsa. Poikanso, lumikizani gawo lakalelo pa /home osalifomata, ndipo mupange wogwiritsa ntchito woyamba ndi dzina lomwe lija. Linux imazindikira mwini fayilo ndi nambala, osati dzina, ndipo munthu woyamba amapatsidwa 1000 pa Linux zambiri. Nambala zikasiyana mumapezeka kuti mafayilo anu omwe akukukanizani, ndipo mankhwala ake ndi lamulo la chown, losintha mwini fayilo. Dziwaninso kuti /home yapadera siiteteza ku kufa kwa disiki. Disiki ikafa imapita ndi magawo ake onse.

Gawo la /boot lapadera silifunika pa kuika wamba. Limafunika mukakhoma mizu ndi LUKS, kapena mukaika mizu pa dongosolo lomwe pulogalamu yodzutsa siitha kuliwerenga. Mukalipanga, lisachepere 1 GiB, ndipo 2 GiB si kuwononga. Malangizo akale a 200 MB ndi omwe amabweretsa vuto lodziwika lija: kernel iliyonse yatsopano imabwera ndi initramfs yake, fayilo yoithandiza podzuka, yomwe imakula kwambiri pakakhala madalaivala a khadi la zithunzi, akale amatsalira, ndipo tsiku lina kukonzanso mapulogalamu kumaima pakati chifukwa malo atha. Fedora imasunga makernel atatu. Pa Debian ndi Ubuntu, `sudo apt autoremove` imachotsa akale.

Swap ndi malo a pa disiki omwe kernel imaikamo zomwe zachuluka mu RAM. Lamulo lakale loti ikhale kawiri kukula kwa RAM linali la nthawi yomwe RAM inkawerengedwa mu ma MB. Kuyambira mtundu wa 17.04, Ubuntu imagwiritsa ntchito fayilo m'malo mwa gawo, ndipo Fedora kuyambira 33 imagwiritsa ntchito zram, yomwe imapanikiza zinthu mu RAM momwemo. Fayilo ndi yabwino chifukwa mumaikulitsa kapena kuichepetsa osakhudza tebulo:

`sudo fallocate -l 4G /swapfile`
`sudo chmod 600 /swapfile`
`sudo mkswap /swapfile`
`sudo swapon /swapfile`

Kenako muwonjezere mzere wakuti `/swapfile none swap sw 0 0` mu /etc/fstab. Pa kompyuta ya RAM ya 8 GB kapena 16 GB, swap ya 2 mpaka 4 GB imakwana. Zimasintha mukafuna hibernation, pomwe zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki kompyuta n'kuzima. Apo swap ikhale yofanana ndi RAM kapena kupitirirako pang'ono, gawo n'losavuta kuposa fayilo, ndipo kernel iyenera kuuzidwa komwe ili kudzera pa resume=. Pa Linux zambiri, Secure Boot ikakhala yoyatsidwa kernel imakana hibernation, choncho musataye 16 GB pa chinthu chomwe sichidzagwira. Pa Btrfs malamulo a pamwambawa sakwanira, gwiritsani ntchito `btrfs filesystem mkswapfile`.

Dongosolo la mafayilo

Ngati mulibe chifukwa chapadera, sankhani ext4. Yakhala yokhazikika mu kernel kuyambira 2008, zida zonse zokonzera zimaidziwa, imakula ikugwira ntchito, ndipo imachepetsedwa ikakhala yosalumikizidwa. Imasungira root, wolamulira wamkulu wa Linux, 5% ya malo, zomwe n'zothandiza pa mizu, koma pa gawo la 1 TB losungira mafayilo ndi 50 GB yongokhala. `sudo tune2fs -m 1` kutsatizana ndi dzina la gawo imatsitsa kufika pa 1%.

XFS, yomwe Red Hat Enterprise Linux inaisankha kuyambira mtundu wa 7, ndi yamphamvu pa mafayilo akuluakulu, koma muziitenga ngati yosachepetseka. Mukaipatsa malo ochuluka, kuwabweza ndiye kukopera zonse kwina n'kupanganso gawo.

Btrfs, yomwe Fedora ndi openSUSE zimagwiritsa ntchito, imathetsa mkangano wa /home mwanjira ina. Mizu ndi /home zimakhala ma subvolume awiri pa gawo limodzi, zikugawana malo onse opanda mpanda, komabe mungathe kuchotsa ya mizu n'kusiya ya /home. Imajambulanso ma snapshot, omwe amakubwezerani mmene zinthu zinalili kukonzanso mapulogalamu kusanaononge kanthu. Ma snapshot amadya malo mwakachetechete, ndipo `df` siinena zoona zonse pa Btrfs, muziona ndi `btrfs filesystem usage /`. NTFS ndi exFAT ndi zosinthanirana mafayilo ndi Windows basi, musaikepo mizu kapena /home chifukwa sizisunga umwini ndi zilolezo mmene Linux imafunira.

LVM imapereka ufulu womwewo kwa ext4 ndi XFS. Mumapanga gawo limodzi lalikulu, m'kati mwake n'kudulamo zigawo zomwe sizifunika kukhala moyandikana. Nzeru yake ndi kusagawa malo onse tsiku loyamba: mizu 60 GB, /home 150 GB, otsala akhale m'nkhokwe. Mizu ikachepa, `sudo lvextend -r -L +20G` kutsatizana ndi dzina la chigawocho imaikulitsa kompyuta ikugwira ntchito, ndipo -r ndi imene imakulitsa dongosolo la mafayilo limodzi ndi chigawocho. Mukaiwala -r, chigawo chimakula koma `df` imaonetsabe kukula kwakale.

Kukhoma disiki ndi LUKS kusankhidwe pa nthawi yoika, chifukwa kuchita pambuyo n'kovuta komanso koopsa. Pa laputopu yomwe mumayenda nayo ndikukulimbikitsani kutero. Kamangidwe kozolowereka ndi ESP, /boot yosakhoma, kenako gawo limodzi la LUKS lokhala ndi LVM m'kati, momwe muli mizu, /home ndi swap. Swap ikatsala kunja, zinsinsi zomwe zinali mu RAM zimatha kulembedwa poyera. Makiyi enieni amakhala pa mutu wa gawo la LUKS, kumayambiriro kwake, ndipo mutuwo ukaonongeka pasiwedi yolondola siithandiza kanthu. Usungeni padera ndi `cryptsetup luksHeaderBackup`. Yang'aniraninso kiyibodi polemba pasiwedi: ngati poika inali ya dongosolo lina, podzuka zilembo zina ndi zizindikiro zidzakhala pa mabatani ena.

Kudula kwenikweni

Tiyerekeze laputopu ya NVMe ya 500 GB, RAM 16 GB, Windows 11, ndipo mwachepetsa C: ndi 200 GB. lsblk ionetsa p1 ya FAT32 ya 100 MB, p2 ya 16 MB yopanda dongosolo la mafayilo, p3 ya NTFS yomwe ndi C:, ndi p4 yaing'ono ya NTFS yokonzera Windows. Ya 16 MB ija ndi ya Microsoft, ioneke yachabe bwanji, isiyeni. Malo opanda kanthu ali pakati pa p3 ndi p4. Mu pulogalamu yoikira sankhani kugawa pamanja, komwe kumalembedwa Manual, Custom kapena Something else malinga ndi Linux yake. Dinani p1, muilumikize pa /boot/efi osafomata. M'malo opanda kanthu pangani gawo la 70 GB, ext4, pa /. Otsalawo, pafupifupi 130 GB, ext4, pa /home. Magawo atsopanowa atchedwa p5 ndi p6 ngakhale pa disiki ali kutsogolo kwa p4, chifukwa nambala imatsata mzere wa pa tebulo, osati malo.

Chaja ikhale yolumikiza. Sikirini yomaliza imatchula magawo omwe afomatidwe. Iwerengeni mzere ndi mzere, muifananize ndi zomwe lsblk inaonetsa. Payenera kuoneka p5 ndi p6 basi. Mukaona p1 kapena p3, kapena mawu onena za tebulo latsopano la disiki yonse, bwererani m'mbuyo. Mpaka pamenepa palibe chalembedwa.

Zida zamakono zimayambitsa gawo loyamba pa sekita 2048, kutanthauza 1 MiB, ndipo ena onse pa malire a MiB. Kale ankayambira pa sekita 63. Madisiki ambiri a lero m'kati mwake amalemba mabaiti 4096 nthawi imodzi, omwe ndi masekita asanu ndi atatu a 512, ndipo 63 sagawika ndi 8, choncho kulemba kulikonse kumagwera pa malire a timalo tiwiri n'kuchedwetsa disiki. Mukaona 1 MiB yopanda kanthu kutsogolo, musailimbane nayo. `sudo parted /dev/nvme0n1 align-check optimal 5` imakuuzani ngati gawo lachisanu lakhala bwino.

Ganiziraninso za mawa pa kasanjidwe. Gawo limakula mosavuta kumapeto kwake, ngati malo opanda kanthu ali pomwepo. Kusuntha poyambira pake kumafuna kuti GParted inyamule zonse za m'gawomo, ntchito ya maola pa disiki yozungulira, ndipo magetsi akazima pakati gawolo limaonongeka. M'chitsanzo chathu, mizu yapanikizika pakati pa C: ndi /home, n'chifukwa chake kuipatsa 70 GB lero kuli bwino kuposa kuyamba ndi 30 GB n'kudzasuntha pambuyo.

Ngati Linux ikupita pa disiki yachiwiri, ipatseni ESP yakeyake pa disiki imeneyo, kuti iliyonse izidzuka inzake itachotsedwa. Pulogalamu yoikira ya Ubiquity, ya Ubuntu zakale ndi Linux Mint, imadziwika ndi khalidwe loika GRUB mu ESP yoyamba yomwe yaipeza ngakhale mutasankha ina. Njira yotsimikizika ndi kuzula disiki ya Windows pa nthawi yoika, n'kuibwezera mukamaliza.

Zikalakwika

Kompyuta ikadzukira mu Windows ngati Linux palibe, vuto ndi ndondomeko ya zodzutsira mu firmware. `sudo efibootmgr -v` kuchokera pa fulashi imaonetsa mndandanda, ndipo mungausinthe ndi -o kapena mu firmware momwemo. GRUB ikabwera koma Windows palibe, dziwani kuti kuyambira GRUB 2.06 kufufuza ma system ena kumakhala kozimitsidwa pokhapokha Linux yanu itakuyatsa. Ikani os-prober, lembani `GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false` mu /etc/default/grub, kenako `sudo update-grub` pa Debian ndi Ubuntu.

Linux ikaima pa emergency mode, yang'anani /etc/fstab. Fayiloyi imatchula magawo ndi UUID, nambala yapadera yozindikiritsa gawo, ndipo UUID imasintha gawo likafomatidwanso. Kudikira kwa masekondi 90 podzuka nthawi zambiri ndi swap yakale yomwe UUID yake kulibenso, zomwe zimachitika mukaika Linux yachiwiri n'kuilola ifomate swap yomweyo. Fananizani ndi `sudo blkid`, konzani mzerewo, muyese ndi `sudo findmnt --verify` musanadzutsenso. Pa disiki yomwe siikhala yolumikiza nthawi zonse, onjezerani nofail pa mzere wake.

Mukafufuta gawo lolakwika, siyani kulemba pa disikiyo pomwepo. Musapange gawo latsopano pamalopo n'kulifomata, musapitirize kuika. Ngati munasunga tebulo.txt, dzutsani ndi fulashi mulembe `sudo sfdisk /dev/nvme0n1 < tebulo.txt`, ndipo magawo abwerera ndi mafayilo ake, bola ngati simunasunthe kapena kuchepetsa gawo lililonse chisungireni fayiloyo. Ngati simunasunge, TestDisk imasanthula disiki kufuna poyambira pa magawo otayika, imakulolani kuona mafayilo ake ndi batani la P musanavomereze, kenako n'kulembanso tebulo. Gawo lomwe lafomatidwa ndi nkhani ina. Pa disiki yozungulira PhotoRec imatha kutola mafayilo ambiri, koma opanda mayina ndi mafoda awo, ndipo muziwasungira pa disiki ina. Pa SSD, zida zofomatira monga mkfs.ext4 zimatumiza TRIM, lamulo louza disiki kuti malo onsewo ndi opanda ntchito, ndipo ikatero zomwe zinalipo nthawi zambiri sizipezekanso, kupatula zomwe munakopera pa disiki ina musanayambe.